Goloboyi Amene Anavomera Makoleji Atatu

Ana inu, pali mwambi wina wonena za pusi umene makolo anu amakonda kukuponyerani mukaima pamsika, maso ali uku ndi uku, osadziwa choti mugule. Ambiri amaganiza kuti pusi wake ndi wa m'phiri uja wakuba chimanga. Ine zimenezo ndimakana. Ndakhala m'tsinde mwa phiri moyo wanga wonse, ndipo sindinaonepo pusi wamchira ataphonya nthambi. Pusi amene anagwa anali munthu, mwana wanga wa sukulu, ndipo tsiku limene anagwalo ndinali pomwepo.

Ine ndine Gwaza. Ndinaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri pa sekondale ya Mlangali, m'boma la Ntcheu. Popeza ndinali mphunzitsi yekhayo amene anali ndi wezulo, anandipatsanso udindo woyang'anira timu ya mpira wamiyendo. Anali masiku amene mafoni a m'manja anali asanabwere, ndipo munthu akafuna kuuza mnzake wakutali nkhani, ankagula sitampa.

M'timu yangayo munali mnyamata dzina lake Fanuwelo Mtambalika. Anali wamtali, wowonda, ndipo mikono yake inkafika pafupi ndi mawondo. Anzake anamutcha Pusi chifukwa panalibe mtengo pa Mlangali umene sanaukwerepo. M'kalasi anali wapakatikati, koma mukamuimika pagolo, munkaona zodabwitsa. Mpira ubwere pansi, ubwere m'mwamba, ubwere mokhota, unkathera m'manja mwake ngati wachita kuitanidwa. Ngakhale munthu amuponyere ndimu mwadzidzidzi ali mkati mokamba nkhani, dzanja linkawakha lokha, mwini wake nkhani ili pakamwa.

Vuto la Pusi linali limodzi. Pakamwa pake panalibe mawu oti ayi. Mukamufunsa kuti akufuna mandasi kapena zitumbuwa, ankayang'ana mandasi n'kunena kuti, “Awa akoma,” kenako n'kuyang'ana zitumbuwa n'kuti, “Izinso zakoma.” Tsiku lina midzi iwiri yoyandikana inali ndi mpikisano, ndipo mudzi uliwonse unamupempha kuti autchingire pagolo. Anavomera konse. Chigawo choyamba chitatha, matimu anasinthana mbali, koma iye anangokhala pagolo lomwelo n'kusintha malaya. Masewerawo anatha ziwiri kwa ziwiri, ndipo zigoli zonse zinayi zinalowa golo la kutsidya. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndikanadziwa, ndikanamukhazika pansi tsiku lomwelo.

Ali Folomu 4, timu yathu inafika ndime yomaliza ya chikho cha masukulu a m'chigawo chathu. Masewerawo anafika pa mapenate, ndipo Pusi anagwira atatu motsatizana. Anamunyamula pamapewa kuchokera pabwalo mpaka pa lole imene tinakwera. Pakati pa anthu oonerera panali makochi a makoleji, amene ankayendayenda kufunafuna anyamata oti awapatse malo a sukulu kuti azikasewerera matimu awo.

Woyamba kumulankhula anali a Zimpita. Iwowa sanali achilendo. Ankaphunzitsa zowotcherera zitsulo pa koleji ya ntchito zamanja ya Msangu, m'boma lathu lomwelo, ulendo wa ola limodzi panjinga, ndipo ankaphunzitsanso timu ya pakolejipo. Kuyambira Pusi ali Folomu 2, a Zimpita ankabwera pa njinga yawo yakale, n'kuima kuseri kwa golo, akudya nzimbe, osalankhula kanthu. Tsiku limenelo analankhula.

“Goloboyi wathu akumaliza chaka chino,” anatero. “Ukafuna, golo ndi lako, ndipo uphunziranso ntchito.” Anamupatsa jezi yobiriwira, yotuwa ndi kuchapidwa.

“Zakoma, bambo,” anatero Pusi. “Ndibwera.”

Asanapite patali, anamuimitsa a Makwinja, kochi wa koleji ina ya zamalonda ya mumzinda wa Blantyre. Anali bambo wadazi, wa suti ndi magalasi akuda, ndipo polankhula ankazunguliza makiyi a galimoto pachala.

“Mwana iwe, unayamba wasewerapo pa kapinga?” anafunsa. “Kwathu ukagwa pansi umadzuka malaya ali oyera. Dzina lako lizimveka pa wailesi Loweruka lililonse.” Anamupatsa jezi yofiira, yatsopano, ikadali m'pepala.

“Zakoma, bwana,” anatero Pusi. “Ndibwera.”

Wachitatu anali a Chavula, bambo wamtali wa mawu ofatsa, wochokera ku koleji ina ya zaulimi ya kumpoto. Iwowa anamugwira mkono, n'kuupima ndi zala ziwiri, n'kupukusa mutu.

“Wawonda, mwana wanga. Kwathu tili ndi ng'ombe zathuzathu. Mkaka m'mawa uliwonse, nyama katatu pa sabata. Chaka chimodzi chokha, golo lonse udzalidzaza ndi chifuwa.” Jezi yawo inali yachikasu.

“Izinso zakoma,” anatero Pusi. “Ndibwera.”

Kunyumba nkhaniyi inagawa banja. Bambo ake, a Mtambalika, anali telala wosokera pakhonde la nyumba yawo, ndipo mtima wawo unali utakwera kale basi ya ku Blantyre. Ankaimitsa makina pakati pa msoko n'kumayeserera muulutsi wa pa wailesi: “Mtambalika! Wagwira Mtambalika!” Makasitomala ankadabwa. Mayi ake, a Nangozo, anali munthu wa mafunso ochepa koma olasa.

“Kumeneko akukaphunzira chiyani?” anafunsa.

“Zamalonda,” anayankha amuna awo.

“Malonda a chiyani?”

A Mtambalika anapondanso makina.

“Iwe Fanuwelo,” anatero mayiwo, “thupi uli nalo limodzi. Sankha kumodzi, enawo uwauze msanga asakuwerengere.”

“Ndamva, amayi,” anatero Pusi, n'kupita kukayang'ana majezi atatu aja amene anawapachika pakhoma. Ankawayang'ana m'mawa, ankawayang'ana masana. Mayeso anatha, miyezi inadutsa, ndipo makochi onse atatu anatumiza makalata ofunsa tsiku loti abwere ndi mapepala osaina.

Apa ndi pamene ine ndinalowa m'nkhani, ndipo sindinyadira. Tsiku lina Pusi anandipeza kunyumba.

“Aphunzitsi, ndithandizeni kulemba kalata ya Chingerezi yovomera malo.”

“Wasankha tsopano! Kuti?”

“Mudzaona tsiku lomwelo, aphunzitsi.”

Ndinkaganiza kuti akufuna kundidabwitsa. Ndinakhala pansi n'kumulembera kalata yokongola, ya mawu akuluakulu amene ndinkawasunga kuyambira ndili ku koleji ya aphunzitsi. Ndinalemba kuti malowo wawalandira ndi manja awiri, ndiponso kuti kochiyo abwere ndi mapepala Loweruka loyamba la Okutobala, nthawi ya teni koloko m'mawa, makolo adzakhalapo. Pamwamba ndinasiya mpata woti alembepo dzina la kochi.

Pusi anakafika kunyumba, n'kukhala pansi ndi bolopeni, n'kuyang'ananso pakhoma paja. Dzina loti alembe silinabwere. Pomaliza anaganiza nzeru imene kwa iye inaoneka yakuya. Anati mumtima mwake, anthu akuluakulu ngati amenewa sangabwere onse chifukwa cha mwana wa telala. Ndikopera kalatayi katatu, ndipo amene abwereyo ndiye akundifunadi. Anakopera mosamala, osasintha ngakhale tsiku kapena ola, n'kugula masitampa atatu.

Loweruka lija linafika, ndipo ine anandiitana kuti ndikakhale mboni. Kunatentha kuyambira m'mawa. A Nangozo anali ataphika thobwa ndowa yathunthu, ndipo anali atayanika ufa pamphasa, padzuwa, cha kumapeto kwa nthambi yaitali ya mtengo wa mango umene unali pabwalo pawo.

Naini koloko isanakwane, a Zimpita anatulukira pa njinga yawo. Pusi anawalandira atavala jezi yobiriwira. Ndinati mumtima, mwanayu wasankha kwawo, ndipo ndinaona nkhope ya a Nangozo ikumasuka. A Mtambalika anapereka moni wozizira, koma anawapatsa mpando pakhonde. A Zimpita anatulutsa mapepala m'chikwama, n'kupereka bolopeni. Bolopeniyo inakana kulemba. Anaipukuta pa thalauza, anaiuzira mpweya, koma inakanabe. Ine ndili mkati mofufuza yanga m'matumba, tinamva hutala kumsewu.

Pusi anayang'ana fumbi limene linkabwera. Analowa m'nyumba ngati mphezi. Pamene galimoto inkaima, iye anatuluka atavala jezi yofiira pamwamba pa yobiriwira ija.

A Mtambalika anazindikira msanga kuti zinthu zasokonekera, koma chimwemwe chinawaposa. Anathamangira a Makwinja, n'kuwalowetsa pabalaza, pampando wa khushoni.

“Nanga bambo ali pakhondewo ndani?” anafunsa a Makwinja, akuvula magalasi.

“Amenewo? Kasitomala, bwana. Abweretsa thalauza yoti ndiikepo chigamba.”

Zenera linali lotsegula. A Zimpita anamva zonse. Anayang'ana thalauza yawo, imene inalidi yong'ambika pabondo, n'kupitiriza kumwa thobwa.

Ine ndinamukokera Pusi pambali. “Fanuwelo, makalata unatumiza angati?”

Anangoloza ndi mlomo kunjira. Kumeneko kunkabwera munthu wamtali, wotuwa ndi fumbi la masiku awiri a pabasi, atasenza kathumba ka mpunga paphewa.

“Odi kuno!” anatero a Chavula.

A Mtambalika anatuluka, n'kuona mlendo wachitatu, n'kugwira m'mutu. Pabalaza panali munthu, pakhonde panali munthu. Anawatengera a Chavula kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khitchini, n'kuwauza kuti kumeneko ndiye kuli kamphepo kabwino. Pusi anakawapatsa moni atavala jezi yachikasu pamwamba pa ziwiri zija.

Zimene zinatsatira sindidzaziiwala. A Makwinja akaitana, Pusi ankathamangira kuchipinda kukaika yofiira pamwamba. A Chavula akatsokomola, ankabwerera kukasintha. Anazungulira nyumba ija mwina kasanu, thukuta lili kamukamu. Kachisanu ndi chimodzi anasokoneza, n'kulowa pabalaza chifuwa chili chachikasu, khosi lofiira, m'munsi mukulendewera zobiriwira.

“Kodi mwanayu wavala mbendera ya dziko liti?” anafunsa a Makwinja.

Amene anathetsa masewerawa anali a Nangozo. Iwonso anali atazungulira nyumba kangapo ndi makapu a thobwa, ndipo miyendo inali itawakwana. Anaika ndowa pansi pa mtengo wa mango, n'kuima pakati pa bwalo.

“Alendo nonse, pepani,” anatero mokweza. “Ine ndilibe miyendo isanu ndi umodzi. Amene akufuna thobwa abwere pamthunzi pano ndi mpando wake.”

“Mayi a Fanuwelo, taimani kaye,” anatero amuna awo motsitsa mawu.

“Ndaima kale. Tulutsani mipando.”

Anatuluka mmodzimmodzi, wina kuchokera pabalaza, wina pakhonde, wina kuseri. Makochi amadziwana. Anayang'anana kwa kanthawi, ndipo aliyense anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa envulopu. A Makwinja anayamba kuwerenga kalata yawo mokweza. Asanamalize chiganizo choyamba, a Chavula anachimaliza kuchokera pa kalata yawo. A Zimpita sanawerenge, anangotembenuza yawo kuti onse aione.

“Chingerezi chake ndi chabwino,” anatero a Chavula mofatsa. “Mwana wa Folomu 4 sangalembe chonchi.”

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayesa kufotokoza kuti ndinalemba imodzi yokha, koma mawu akuluakulu aja anandithawa onse.

“Mwini nkhani ali kuti?” anafunsa a Makwinja.

Pusi panalibe. Tinayang'ana m'nyumba, kukhitchini, kubafa, ngakhale m'khola la mbuzi. Ana a m'nyumba zoyandikana, amene anali atadzaza kale pampanda, ankangoseka osanena kanthu. Tinabwerera pamipando yathu titasowa chochita. Kenako dontho linagwera pa dazi la a Makwinja. Anapukuta. Linagweranso lina.

“Mvula mu Okutobala?” anatero, n'kuyang'ana kumwamba.

Silinali dontho la mvula. Linali thukuta. Pamwamba pathu, pakati pa masamba, panali Pusi, atakumbatira nthambi, majezi atatu ali m'thupi.

“Fanuwelo, tsika,” anatero bambo ake. “Ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu a galimoto.”

“Sinditsika, ababa.”

“Mwanawe,” anatero mayi ake, “palibe akumenye. Tsika, utchule dzina limodzi, enawa tiwapepese.”

“Ndingatchule liti, amayi? Kwa a Makwinja kwakoma. Kwa a Chavula kwakoma. Kwa a Zimpitanso kwakoma.”

Bambo ake anagwira thunthu ngati akufuna kukwera. Pusi ataona zimenezo, anasunthira kumapeto kwa nthambi yaitali ija, n'kukhala atatambalala miyendo mbali ndi mbali, manja onse awiri atagwira kanthambi ka pamwamba pa mutu wake.

A Makwinja anali munthu wozolowera kupambana. Anapita kugalimoto n'kubwera ndi nsapato za mpira zatsopano, zakuda za mizere yoyera, zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake. Pa Mlangali panali pasanafikepo nsapato zotere. Pusi ankasewera ndi nsapato zobwereka, zosiyana saizi.

“Mwana iwe, taona izi,” anatero akuzigwedeza kumanzere kwa nthambi. “Ukangoti Blantyre, ndi zako.”

“Zakoma,” anatero Pusi.

A Chavula sanafune kuti masiku awo awiri a pabasi apite pachabe. Anatsegula chikwama n'kutulutsa magolovesi a goloboyi, enieni, a mphira m'zikhatho. Anakaima kumanja.

“Nanga awa, mwana wanga?”

“Awonso akoma.”

A Zimpita anaimirira. “Anzanga, musamuponyere kanthu mwanayo. Simukuwadziwa manja ake.”

Anachedwa. A Makwinja anakuwa kuti, “Wakha!” n'kuponya nsapato. A Chavula, poopa kutsalira, anaponya magolovesi nthawi yomweyo. Nsapato zinakwera kumanzere, magolovesi kumanja.

Ana inu, ndaonerapo mpira zaka zambiri, koma sindinaonepo kuwakha kokongola ngati kumeneko. Dzanja lamanzere linachoka pa kanthambi n'kugwira nsapato. Dzanja lamanja linachokanso n'kugwira magolovesi. Palibe chimene chinamudutsa. Kwa kamphindi anakhala m'malere atatambasula mikono, akumwetulira, zonse ziwiri zili m'manja. Kenako anakumbukira kuti palibe dzanja lachitatu logwira mtengo.

Anapendekera kumbuyo, miyendo inaloza kumwamba, ndipo anagwa chagada pakati penipeni pa mphasa ya ufa.

Kunabuka mtambo woyera umene unaphimba bwalo lonse. Nkhuku zinathawa zikulira. Mtambowo utatsika, tonse tinali oyera ngati tachokera kuchigayo. Suti ya a Makwinja sinkadziwikanso mtundu wake. Pamphasa panali Pusi, maso ali kumwamba, nsapato kudzanja ili, magolovesi kudzanja ilo, osazisiya.

A Nangozo anafika pa iye poyamba. “Fanuwelo! Mwana wanga! Talankhula!”

“Ndagwira zonse, amayi,” anatero ndi kamawu kakang'ono.

“Wagwira zonse, wandithera ufa wa mwezi wathunthu!”

Koma atayesa kumudzutsa, anakuwa. Phewa lakumanja linali litaguluka, ndipo kuseka konse kwa pampanda kunatha. Goloboyi wopanda phewa si goloboyi. Ndinaona a Mtambalika atakhala pansi padothi.

A Makwinja anagwada, n'kupapasa phewalo, n'kufunsa ngati lidzabwerere mwakale. Mwaulemu wonse, anachotsa nsapato zija m'dzanja la Pusi, chala chimodzichimodzi. Komabe sanali munthu woipa mtima, ndipo anati amunyamule pagalimoto kupita kuchipatala. Analowa, n'kupotokola kiyi. Galimoto inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Anayesanso, koma osalira. Ine, a Chavula ndi a Mtambalika tinayamba kukankha, kukwera nayo kamtunda, kutsika nayo, kukweranso.

Pamene tinkakankha kachitatu, a Zimpita anali atamanga kale mkono wa Pusi pachifuwa ndi chitenje cha mayi ake, atamukhazika pa kaliyala, ndipo ankakankha njinga pang'onopang'ono kulowera kuchipatala chathu chaching'ono, a Nangozo atamugwira kumsana. Galimoto inalira iwo atafika kale. A Chavula anasiya mpunga ndi magolovesi pakhonde, n'kundiuza kuti, “Akachira andilembere. Koma alembe yekha, aphunzitsi.” Anakwera galimoto ya a Makwinja mpaka pa siteji ya basi, ndipo ndinamva kuti anakangana njira yonse za amene anayamba kuponya.

Kuchipatala anabwezeretsa phewa, n'kulamula kuti mkono ukhale m'nsalu masabata asanu ndi limodzi. Pusi anakhala pakhonde pafupi ndi makina a bambo ake, osakwera mtengo, osagwira mpira. Musaganize kuti mwayi wake unathera pamphasa paja. A Makwinja analemba kuti akachira apite akayesedwe. A Chavula analemba kuti malo ake alipobe. Kusankha kuja kunali kukumudikirabe.

A Nangozo anagula mapepala ndi masitampa awiri, n'kuziika pamiyendo pake.

“Dzanja lamanzere lilipo,” anatero. “Uwafunse zinthu zitatu. Ukaphunzira chiyani, ukasewera kapena ukakhala panja, ndipo kwanu uzibwera kangati. Aphunzitsi asakuthandize.”

Analemba yekha, zilembo zokhotakhota. Mayankho anabwera. Ku Blantyre anati akaphunzira zowerengera katundu wa m'masitolo, ndipo magoloboyi analipo kale anayi. Kumpoto anati akasewera ndithu, akaphunzira zoweta ng'ombe, koma kwawo azibwera kamodzi pa chaka. Pusi, amene ankaopa ngakhale mbuzi ya tonde, anawerenga kalatayo kawiri.

A Zimpita sanalembe kalata. Lachitatu loyamba anabwera ndi thalauza ija m'pepala, n'kuipereka kwa a Mtambalika.

“Ndamva kuti ndine kasitomala,” anatero. “Chigamba chikhale cha mtundu womwewo.”

A Mtambalika anasoka chigambacho mutu uli pansi, ndipo anakana kulandira kanthu. Kuyambira pamenepo a Zimpita ankabwera Lachitatu lililonse. Nsalu itachoka pamkono, anamangirira chubu chakale cha njinga pa nsanamira ya khonde, n'kumamukoketsa Pusi pang'onopang'ono kuti phewa lilimbe. Za koleji sankatchula n'komwe. Zimenezi zinamuvutitsa Pusi kuposa phewa.

Tsiku lina ndili pomwepo anafunsa. “Bambo, bwanji inu simukundinyengerera?”

“Ndinakufunsa kamodzi, iwe unayankha katatu,” anatero a Zimpita. “Ndikudikira yankho limodzi. Koka.”

Pusi anakoka. “Nanga kwanuko kuli chiyani choposa kwa anzanuwa?”

“Palibe. Bwalo la a Makwinja ndi labwino kuposa lathu. Lathu lili ndi chulu pakona, ndipo womenya kona amayamba wakwera. Chakudya cha a Chavula ndi chabwino kuposa chathu. Ife ndi nyemba, ndipo Lamlungu ndi nyembanso. Chimene tili nacho ndi golo lopanda munthu, ndi ntchito yoti idzakudyetse mawondo akadzatopa. Ukapita kwina sindidzakwiya. Koma upite kumodzi.”

Pusi anapempha mapepala ena awiri. Anakhala nawo masana onse, akulemba n'kufufuta, chifukwa mawu amene ankafunikawo anali asanawalembepo chibadwire. Dzuwa litapendeka anabwera kudzandionetsa. Makalata onse awiri anali aafupi, Chingerezi chake chopunduka, koma tanthauzo lake linali lomveka: zikomo, koma sindibwera. Sindinakonze ngakhale chilembo chimodzi. Magolovesi aja anawakulunga kuti awabweze, koma a Chavula anawatumizanso ndi kakalata koti munthu amene waphunzira kukana ayenera mphatso.

Lachitatu lotsatira anasaina mapepala a ku Msangu. Bambo ake anang'ung'udza sabata imodzi, kenako anayamba kusokera timu yonse makabudula. Pusi anatchinga golo la Msangu zaka zitatu, ndipo chaka chachiwiri anatenga chikho cha makoleji a m'chigawo, anthu a pa Mlangali atadzaza lole kukamuchemerera. Anamaliza maphunziro ake, n'kutsegula malo owotcherera zitsulo pa boma. Mpira anausiya mawondo atayamba kudandaula, koma ntchito ija anakalamba nayo.

Tsono mufunsa kuti mwambi unabwera bwanji. Unabadwira kuchipatala, tsiku la ufa lija. Adokotala ataona mnyamata woyera mbuu, wovala majezi atatu, mkono uli m'chitenje, anavula magalasi n'kufunsa kuti, “Mayi, chachitika n'chiyani?” A Nangozo anali atatopa, ndipo analibe mphamvu zofotokoza za makalata ndi makochi. Anangotambasula dzanja ili, n'kutambasula linalo, n'kunena kuti, “Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi wagwa chagada.” Odwala amene anali pamzere anaseka mpaka ena kuiwala chimene anadzera. Tsiku la msika lisanafike, mawuwo anali atafika kale midzi ya kutsidya kwa phiri, ndipo anthu amene sankamudziwa Fanuwelo anangoganiza kuti akunena nyama.

N'chifukwa chake mpaka lero akuluakulu amati: Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mwambiwu sukunena kuti zinthu zokoma ndi zoipa. Nsapato zija zinali zabwino, magolovesi aja analinso abwino, ndipo makoleji onse atatu akanamupindulira mnyamata uja. Ukunena kuti zabwino zikabwera zambiri nthawi imodzi, munthu ayenera kufunsa mafunso, kusankha chimodzi, n'kulimba mtima kuuza enawo kuti ayi. Wofuna zonse amasiya ngakhale chimene chinamugwiriziza, ndipo amavulala yekha n'kuvutitsanso anthu amene anamukhulupirira. Inunso tsiku lina adzakuponyerani zokoma kumanzere ndi kumanja. Musanatambasule manja onse awiri, muyambe mwayang'ana chimene mwakhalira, ndi kutalika kwa pansi.